Mafunso Anu: Kuika Sefa pa Matebulo a Mbiri ya Mabanja

Makalata a mwezi uno achokera kwa owerenga amene akulemba mbiri ya mabanja awo pa masamba a pa intaneti amene anthu ambiri amalembapo mothandizana, monga WikiTree ndi FamilySearch. Onse akudandaula chinthu chimodzi, chakuti tebulo la mayina likatalika, kupeza munthu mmodzi kumasanduka ntchito ya tsiku lonse. Akufunsa za timabokosi tofufuzira timene timabisa mizere yosafunika n'kusiya yokhayo imene munthu akuifuna. M'mayankho athu timabokosi timeneti tizititchula kuti sefa, popeza ntchito yake ndi yomweyo ya sefa ya ufa. Makalatawo tawafupikitsa.

FUNSO: Akonzi, ine ndi asuweni anga anayi takhala tikulemba mayina a anthu onse amene anaikidwa m'manda a kumudzi kwathu ku Ntcheu, ndipo tinawaika pa tebulo pa tsamba lathu la pa WikiTree. Mayinawo tsopano apitirira 600. Atsibweni anga akandiimbira foni kufunsa ngati agogo awo tinawalemba, ndimatsetsereka ndi chala mpaka maso kuwawa. Kodi ndingaike bwanji pofufuzira pamwamba pa tebulo, kuti munthu akalemba dzina aone mizere yokhayo yomukhudza? Bambo wa ku Chilomoni, Blantyre.

YANKHO: Bambo, pali zimene mungachite usiku uno womwe popanda kupempha chilolezo kwa aliyense. Pa kompyuta, mukadina Ctrl ndi F pamodzi, browser, pulogalamu imene mumatsegulira masamba a pa intaneti, imatsegula kabokosi kofufuzira mawu pa tsamba limene mwatsegulalo, ndipo pa foni kabokosi komweko kamapezeka pa mndandanda wa zosankha za browser. Njira imeneyi sibisa mzere uliwonse, imangokudumphitsani kuchoka pa dzina lina kupita pa lina, koma kwa atsibweni amene akufunsa za munthu mmodzi ndi yokwanira. Mungathenso kusanja tebulo. WikiTree, imene Chris Whitten anaiyambitsa mu 2008, imalola mamembala kulemba matebulo m'kalembedwe kofanana ndi ka pa Wikipedia, ndipo mukawonjezera liwu lakuti sortable pa mzere woyamba wofotokoza tebulo, mutu wa kolamu iliyonse umakhala wodinika, kotero kuti mayina amandandalikika kuyambira A mpaka Z, kapena zaka kuyambira zakale kufika zaposachedwa.

Sefa yeniyeni imachita zoposa pamenepa. Pansi pa mutu wa kolamu iliyonse pamakhala kabokosi. Mukalemba zilembo zitatu zakuti Mbe m'kabokosi ka mayina, mizere yonse yopanda zilembozi imazimiririka inu mukuona, n'kutsala a Mbewe okha. Mukalembanso 195 m'kabokosi ka chaka chomwalira, mwa a Mbewe aja mumatsala okhawo amene anatisiya pakati pa 1950 ndi 1959. Chimene chimagwira ntchito imeneyi ndi kapulogalamu kolembedwa m'chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa JavaScript, ndipo vuto lanu lagona pamenepa, chifukwa masamba olembedwa mothandizana salola membala wamba kuika kapulogalamu kake pa tsamba. Chifukwa chake n'chomveka: munthu wamaganizo oipa angaikepo kapulogalamu koba mawu achinsinsi a aliyense wotsegula tsambalo. Mamembala odzipereka a WikiTree anapanga chowonjezera chotchedwa WikiTree Browser Extension, chimene munthu amachiika mu browser yake ndipo mwa zina chimaika sefa pa matebulo. Chimathandiza amene wachiika yekha. Inu mudzaona timabokosi, koma atsibweni anu pa foni yawo adzaona tebulo lalitali lija.

Ngati banja lanu lili ndi tsamba lakelake, kumene mphamvu zonse ndi zanu, chida chodziwika bwino ndi DataTables, pulogalamu yaulere imene Allan Jardine wa ku Scotland anailemba. Imatenga tebulo wamba n'kuliwonjezera pofufuzira, kusanja, kugawa mizere khumikhumi, ndiponso kamzere ka pansi konena kuti mizere imene ikuoneka ndi ingati mwa yonse. Kamzere kameneka musakachotse, chifukwa ndi kamene kamakumbutsa wowerenga kuti pali anthu ena amene sefa yawabisa. Ngati mulibe tsamba lanu, koperani tebulolo mu Google Sheets, mmene aliyense wa asuweni angasefe payekha popanda kusokoneza zimene anzake akuona, ndipo pa WikiTree pazikhala mbiri ya munthu aliyense payekha, imene ndiyo ntchito yeniyeni ya tsambalo.

Komabe langizo langa lalikulu n'lakuti musanayambe kufunafuna sefa, muyang'ane kaye makolamu anu. Sefa imafanizira zimene mwalemba m'kabokosi ndi zimene zili m'kolamu, basi. Mzere wolembedwa kuti "mayi a mfumu, anamwalira nthawi ya njala, anaikidwa pafupi ndi mkuyu" ndi wamtengo wapatali kwa banja, koma ngati zonsezi zaunjikidwa m'kolamu imodzi, palibe pulogalamu imene ingauike pamodzi ndi ena amene anamwalira mu 1949, chaka cha njalayo. Kolamu iliyonse isunge chinthu chimodzi: dzina, mfunda, chaka, mudzi, boma, ndipo mawu ofotokoza akhale ndi malo awoawo kumapeto. Pa makolamu amene mayankho ake ndi owerengeka, monga boma kapena mfunda, ndi bwino kuika mndandanda woti munthu asankhepo m'malo momulola kulemba, ndipo pa mndandandawo pasalephere kukhala chosankha chakuti "sizikudziwika", chifukwa mizere yosadzazidwa ndi imene imatayika poyamba sefa ikayamba kugwira ntchito.

FUNSO: Pa tsamba la banja lathu sefa ilipo kale, koma ikutinamiza. Ndikalemba Chirwa, azakhali anga sakuoneka, chifukwa msuweni amene anawalowetsa analemba Chilwa. Zomwezo zikuchitika ndi Mbewe ndi Mbeŵe. Mwana wanga, amene akuphunzira za makompyuta, akuti tiike chinthu chotchedwa Soundex. Kodi akunena zoona? Mayi wa ku Leeds.

YANKHO: Mayi, sefa yanu sikunama ayi, ikungochita zimene inauzidwa. Kwa kompyuta, w ndi ŵ ndi zilembo ziwiri zosiyana monga mmene a amasiyanirana ndi b, popeza chilichonse chili ndi nambala yake mu Unicode, mndandanda wa zilembo umene makompyuta amatsata. Ili ndi vuto laling'ono, ndipo mwana wanu angalikonze m'mizere iwiri, pouza pulogalamu kuti izichotsa kachizindikiro ka pamwamba isanafanizire mayina, komanso kuti isasiyanitse zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Ayang'anenso kachizindikiro ka m'mayina monga M'bwana ndi Ng'oma. Mafoni ena amalemba kachizindikiro kopindika pamene makompyuta ambiri amalemba kowongoka, ndipo ngakhale diso limaona dzina limodzimodzi, pulogalamu imaona mayina awiri.

Za Soundex ndikupempha kuti muzimve mofatsa, chifukwa ndi yankho limene aliyense wophunzira makompyuta amalithamangira. Njirayi inalembetsedwa ku America mu 1918 ndi Robert Russell, ndipo m'zaka za m'ma 1930 inagwiritsidwa ntchito pondandalika mayina a m'kalembera wa dzikolo. Imasunga chilembo choyamba cha dzina, imataya mavawelo pamodzi ndi h, w ndi y, ndipo zilembo zotsala imazisandutsa manambala oyambira 1 kulekeza 6, kuti mayina omveka mofanana akhale ndi chizindikiro chimodzi. Pa Phiri ndi Piri imachita bwino, chifukwa onse amakhala P600. Koma inapangidwira khutu la Chingerezi, mmene l ndi r ndi mawu osiyana kwambiri, kotero kuti l anapatsidwa 4 ndipo r anapatsidwa 6. Zotsatira zake n'zakuti Chirwa amakhala C600 pamene Chilwa amakhala C400, ndiye kuti azakhali anu adzasowabe. Phili adzakhala P400, kutali ndi Phiri. Popeza chilembo choyamba sichisintha, Nkhoma ndi Mkhoma sadzakumananso, wina N250 wina M250. Pamene imalekanitsa abale chotere, imaphatikizanso alendo: Banda ndi Bandawe onse ndi B530.

Si ife oyamba kukumana ndi zimenezi. Mu 1985 Gary Mokotoff ndi Randy Daitch anakonza njira yawo ya mayina a Chiyuda ndi a kum'mawa kwa Ulaya, ataona kuti Soundex ikuwasowetsa abale. Mwana wanu achite zofanana pa mlingo waung'ono. Awonjezere kolamu yobisika imene dzina lililonse lizisungidwamo litafewetsedwa motsatira malamulo a mayina athu: r aliyense asanduke l, h wa pambuyo pa p, t ndi k achotsedwe, tch ndi ch ayesedwe chimodzi. Ngati muli ndi abale ku Chipata, akumbukire kuti kalembedwe ka ku Zambia kamaika c pamene ife timaika ch. Ngati ena anachokera ku Angónia kapena ku Tete, mapepala a Chipwitikizi amalemba nh pamene ife timalemba ny, ndipo kawirikawiri u pamene ife timalemba w. Zimene munthu walemba m'kabokosi zizifewetsedwanso ndi malamulo omwewo, kenaka ziwirizo zifanizidwe. Chimene ndikukuletsani n'kusintha dzina looneka. Ngati buku la ubatizo linalemba Chilwa, pakhalebe Chilwa, chifukwa tsiku lina mdzukulu wanu adzapita kukafufuza m'buku lomwelo ndipo adzafunika kudziwa kalembedwe kamene kali mmenemo.

Pali vuto lina lozama limene kalata yanu sinatchule koma mudzakumana nalo. Masamba amenewa anapangidwa ndi anthu amene kwawo dzina la banja limatsika kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana osasintha. Kwathu munthu mmodzi angakhale ndi dzina la ubwana, dzina la ubatizo, mfunda, dzina la bambo ake limene mphunzitsi analisandutsa dzina la banja pomulemba sukulu, ndi lina limene analemberapo ulendo wa ku Wenela. Amayi ambiri akale amakumbukiridwa ngati Naphiri kapena Nabanda, ena ngati mayi a mwana wawo woyamba, dzina lenileni litaiwalika. WikiTree ili ndi malo a dzina la banja lobadwa nalo, la tsopano, ndi mayina ena, ndipo tebulo lanu likhalenso ndi malo otere. Kabokosi kofufuzira mayina kazifufuza m'makolamu onsewa nthawi imodzi. Ndipo popeza kwa Achewa mbumba imatsata mayi pamene dzina la pa chiphaso limatsata bambo, ndingakulangizeni kuwonjezera kolamu ya tsinde, yotchula gogo wamkazi amene bere lililonse linachokera. Sefa ya pa dzina la banja imakupatsani anthu otchedwa mofanana, amene mwina si abale n'komwe, pamene sefa ya pa tsinde imakupatsani anthu amene amakhalira pamodzi pa maliro.

FUNSO: Akonzi, makolo athu ambiri sitidziwa tsiku limene anabadwa. Ena timangodziwa kuti anabadwa nthawi ya nkhondo ya Chilembwe, ena kuti anali atakwatiwa kale pa njala ya 1949. Ndikasefa zaka za 1910 mpaka 1920, anthu amenewa sakutuluka, ndipo ndikasanja, akumaunjikana pansi penipeni. Kodi ndingowapatsa zaka zongoganizira? Mphunzitsi wopuma pa ntchito, Kasungu.

YANKHO: Aphunzitsi, kuganizira chaka si kulakwa, bola ziziwoneka kuti mwaganizira. Kulembetsa kubadwa kwa aliyense ndi nkhani ya posachedwa m'dziko muno, popeza lamulo lake ndi la 2010 ndipo ziphaso za unzika zinayamba kufikira anthu ambiri mu 2017, choncho tebulo la banja lililonse lidzadzala ndi anthu opanda tsiku. Chofunika n'kugawa nkhani ya chaka m'makolamu atatu. M'kolamu yoyamba mulembe mawu monga mmene agogo anawanenera, mwachitsanzo "nthawi ya nkhondo ya Chilembwe". M'yachiwiri mulembe nambala yokha, 1915, popanda liwu lina lililonse, chifukwa imeneyi ndi imene sefa idzawerenga. M'yachitatu munene ngati chakacho n'chotsimikizika, chongoyerekeza, kapena ngati munthuyo anabadwa chisanafike kapena chitadutsa. Nzeru imeneyi si yanga. GEDCOM, kalembedwe kosinthanirana mbiri za mabanja kamene mpingo wa Latter-day Saints unatulutsa mu 1984, kali ndi zizindikiro za ABT (cha m'ma), BEF (chisanafike) ndi AFT (chitadutsa) pa ntchito yomweyi, ndipo WikiTree imafunsanso zofanana pa tsiku lililonse.

Chifukwa chimene anthu anu akuunjikirana pansi n'chakuti pulogalamu ikapeza mawu m'kolamu ya zaka, imayamba kuwerenga kolamu yonse ngati mawu, ndipo manambala amatsogola, zilembo n'kutsatira. Mukalekanitsa nambala ndi mawu, vutolo limatha. Sefa ya zaka ikhale ya timabokosi tiwiri, koyambira ndi kolekezera, ndipo amene akukukonzerani aionjezere mpata pa zaka zongoyerekeza, kuti munthu wolembedwa "cha m'ma 1921" atulukebe pamene mukufufuza 1910 mpaka 1920. Kuona mizere iwiri yosafunika n'kwabwino kusiyana ndi kutaya gogo.

Pa masiku athunthu chenjerani ndi zinthu ziwiri. Tsiku lolembedwa 3/4/1952 ndi 3 Epulo kwa inu, koma kwa mphwanu wa ku America ndi 4 Malichi. Gwirizanani kulemba chaka, mwezi, tsiku, motere: 1952-04-03, kalembedwe kamene kamasanjika bwino ngakhale pulogalamu itakawerenga ngati mawu. Chachiwiri n'chakuti Excel sizindikira masiku a chaka cha 1900 chisanafike, imawatenga ngati mawu wamba, kotero kuti ngati tebulo lanu limadutsa mu Excel, makolo obadwa nthawi imene amishoni ankafika ku Mvera mu 1889 adzasiyana ndi ana awo posanja. Kolamu ya chaka chokha ija imakupulumutsaninso pamenepa.

FUNSO: Kalata ya ubatizo ya bambo anga imati anabadwira ku Fort Johnston. Kodi ndilembe dzina limeneli kapena Mangochi? Wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: Lembani onse awiri, m'makolamu osiyana. Dzina la pa kalata likhale m'kolamu yooneka, ndipo dzina la lero likhale m'kolamu imene sefa ikugwiritsa ntchito. Zomwezo muchite ndi Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Hill ndi Chitipa, Kota Kota ndi Nkhotakota, Cholo ndi Thyolo, Mlanje ndi Mulanje, komanso Salisbury ndi Harare, Wankie ndi Hwange kwa abale amene anakagwira ntchito ku Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe. Malire nawonso anasuntha: munthu amene mapepala ake amati Mwanza mwina mudzi wake lero uli m'boma la Neno, ndipo wa ku Mulanje mwina lero ndi wa ku Phalombe.

Phunziro limeneli ine ndinaliphunzira mochita manyazi. Tikukonza tebulo la kwathu, tinkalemba anthu anayi popanda kugwirizana, ndipo nditasefa Dedza pamaso pa akuluakulu a banja, theka la abale silinatuluke. Wina anali kulemba DZ, wina Dedza boma, wina anangolemba kuti kwa Kachindamoto osatchula boma, ndipo wina anasiya mpata umodzi kumapeto kwa liwu, umene maso sauona koma mndandanda wosankhapo unautenga ngati Dedza wachiwiri. Azakhali ena anakwiya poganiza kuti tawachotsa dala m'banja. Tinatha masabata atatu tikugwirizanitsa mayina a malo, pamene kuika sefayo kunatitengera madzulo amodzi okha.

FUNSO: Tebulo lathu likuchedwa kutseguka pa foni ndipo likutha bandulo. Kodi sefa ingathandize? Wophunzira wa ku Mzuzu.

YANKHO: Zimatengera kumene kusefako kukuchitikira. Masefa ambiri amagwira ntchito mu browser, kutanthauza kuti foni yanu imayamba yakopera tebulo lonse, kenaka n'kubisa mizere imene simukuifuna. Sefa yotere ndi yachangu tebulo likangotseguka, koma bandulo imakhala itapita kale. Njira inayo n'kusefera pa seva, kompyuta imene imasunga tsambalo, pamene foni imatumiza funso ndipo seva imabweza mizere khumi kapena makumi awiri yokha. DataTables imatha kugwira ntchito mwa njira zonse ziwiri, ngakhale yachiwiriyo imafuna munthu wodziwa database, pulogalamu yosungiramo mizereyo pa seva. Pa mizere mazana ochepa ya mawu okhaokha, njira yoyamba ndi yokwanira, ndipo chimene chikukudyerani bandulo kawirikawiri ndi zithunzi zimene mwaika mu mzere uliwonse, choncho yambani kuchotsa zimenezo. Mukasankha za seva, pemphani kuti pulogalamu izidikira kamphindi munthu akasiya kulemba isanatumize funso, kuti dzina la zilembo zisanu ndi chimodzi lisatumize mafunso asanu ndi limodzi.

FUNSO: Akonzi, achimwene anga akufuna kuti pa tebulo lathu tiikepo ndi amoyo omwe, ndi masiku awo obadwa, koma sefa izikhala itawabisa munthu akangotsegula tsamba, kuti oona azikhala abale okha odziwa pochotsera. Mtima wanga sukuvomera. Kodi ndikungoopa zachabe? Mayi wa ku Johannesburg.

YANKHO: Mayi, mtima wanu ukukuuzani zoona, ndipo pa nkhani imeneyi ndikupemphani kuti musawagonjere achimwene anuwo. Sefa ya mu browser imabisa mzere ku diso lokha. Mzerewo umakhala utafika kale pa makina a munthu aliyense amene watsegula tsamba, ndipo amene akudziwa kuyang'ana malemba a kuseri kwa tsamba, chinthu chimene browser iliyonse ya pa kompyuta imalola, adzauwerenga wonse. Mapulogalamu a Google ndi ena otolera masamba nawonso amalandira zonse zimene seva yatumiza. Dzina lathunthu, tsiku lobadwa, mudzi ndi dzina la mayi ndi zinthu zomwezo zimene mabanki ndi makampani a mafoni amafunsa pofuna kutsimikiza kuti akulankhula ndi mwini wake, ndipo tebulo la banja limaziika zonse mu mzere umodzi.

Masamba akuluakulu anaganizira nkhaniyi kale, ndipo palibe limene limadalira sefa. Pa FamilySearch, munthu wamoyo amaoneka kwa amene anamulowetsa, osati kwa aliyense wofufuza. WikiTree ili ndi milingo yosiyanasiyana ya chinsinsi, imatsekera anthu amoyo, ndipo imalamula kuti mbiri ikhale yotseguka kwa onse pamene munthu anabadwa zaka zoposa 150 zapitazo kapena anamwalira zaka zoposa 100 zapitazo. Kumeneko kubisa kumachitikira pa seva, munthu atalowa ndi mawu ake achinsinsi, kotero kuti mlendo salandira n'komwe mzerewo. Tebulo lolembedwa pamanja pa tsamba lotseguka silitetezedwa ndi malamulo amenewa, chifukwa kwa pulogalamu ndi mawu wamba, ndipo kulembamo amoyo n'kudutsa kuseri kwa mpanda umene eni tsamba anamanga. Kumbukiraninso kuti kumene mukukhalako kuli lamulo loteteza zinsinsi za anthu lotchedwa POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu Julaye 2021, ndipo kuno ku Malawi kuli lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024. Malamulo onsewa amateteza zokhudza munthu wamoyo.

Ngakhale pa omwalira, ganizirani kuti sefa imasintha kulemera kwa nkhani. Chifukwa cha imfa cholembedwa mu mbiri ya munthu mmodzi chimawerengedwa ndi amene wafuna munthuyo, koma chikaikidwa m'kolamu yosefeka, aliyense angatulutse m'kamphindi mndandanda wa onse amene anamwalira ndi matenda amodzi, pamene akazi awo ndi ana awo akali moyo. Kolamu yotere, pamodzi ndi yonena za ana obadwa kunja kwa ukwati, ine sindingaiike pa tebulo lotseguka.

Chimene mungawauze achimwene anu ndi ichi: pakhale matebulo awiri. La pa tsamba lotseguka likhale la omwalira okha, ndipo pamene mzere ukufuna kutchula mwana wamoyo, palembedwe chiwerengero cha ana popanda mayina. La amoyo likhale m'faelo imene imatseguka kwa abale oitanidwa ndi imelo zawo mmodzimmodzi, osati kwa aliyense amene ali ndi linki, chifukwa linki ikangofika pa gulu la WhatsApp simungaibwezenso. Munthu wamkulu aliyense afunsidwe asanalembedwe, makolo avomereze m'malo mwa ana awo, ndipo ngati mayina a amoyo analembedwapo kale pa tsamba lotseguka, kuwafufuta pa tebulo sikukwanira, popeza masamba a mtundu wa wiki amasunga zosintha zakale. Lemberani oyang'anira tsambalo kuti awachotsenso kumeneko.